Mkamwini Amene Anatimangira Ulalo

Malemu bambo Gilson Yesaya anabadwa pa 9 Juni 1946 pamwamba pa Phiri la Zomba, pomwe bambo awo ankadzala mitengo ya paini. Sukulu anailekeza Sitandade 5, ati masamu ankawalemera kuposa thabwa laliwisi. Anagwira ntchito yocheka matabwa kuphiri komweko mpaka 1998.

Mu 1971 anakwatira mayi Dyna a m'mudzi uno wa Mpotola, nabwera kudzakhala pachikamwini. Nthawi imeneyo tchalitchi, chigayo ndi manda zonse zinali tsidya lina la mtsinje wa Likangala, ndipo dzinja likafika amayi ankawoloka madzi ali m'chiuno, chimanga pamutu. Tisabise, anamalira: malemuwa, pokhala munthu wakuphiri, madzi ankawaopa koopsa. Mantha amenewo ndiwo anatipindulira. Mu 1974 anagoneka mitengo ya bulugamu pamtsinje, tinakhala ndi ulalo. Madzi akaukokolola ankaumanganso, uku akuukalipira mtsinjewo ngati mwana wosamva. Mango a padooko pomwe mumachapira anadzala ndi iwo, nsungwi zotchinga madimba athu ndi iwonso.

Chimodzi chokha chinkawasowetsa mtendere. Mwambo umati mkamwini akamwalira, thupi libwerere kwawo. Chiwaikireni mayi Dyna tsidyalo mu 2019, malemu ankadandaula kuti adzawasiyanitsa ndi mkazi wawo.

Anadwala kuthamanga kwa magazi, ndipo atisiya pa 3 Febuluwale 2025 kuchipatala chachikulu ku Zomba. Dzulo abale awo anatsika kuphiri ndi galimoto kudzatenga thupi, monga mwa ufulu wawo. Mitima yathu inali m'mwamba. Koma posochera njira anafunsa ana pamsewu, ndipo anawo anawalozera kuti adzere pa ulalo wa Gilisoni, apitirire mango a Gilisoni, akafika. Mlongo wa malemu, mayi Ella, atamva zimenezi analira, kenako anaseka, nanena kuti sangachotse munthu pamudzi pomwe mitengo yomwe ikutchula dzina lake. Galimoto ija yabwerera yopanda kanthu, ndipo ife takondwa, ngakhale tili pamaliro.

Malemu asiya ana anayi, a Philip, a Juliana, a Ralph ndi a Rose, zidzukulu khumi ndi zisanu, komanso mlongo wawo. Tikuthokoza a mpingo, amayi a Mvano, adzukulu okumba manda, ndipo koposa onse, akuchimuna chifukwa chotisiyira munthu wathu.

Tikatha pano tiwawolotsa, akagone pambali pa mayi Dyna. Bambo Yesaya, kuno simulinso mlendo. Usani mumtendere.