Kope la Mayina Lipite ndi a Overtone

Bwana Pulofesa, akonzi a magazini yathu, Mayi Vainess ndi ana amene mwabwera pa sitima kuchokera ku Oshawa, anzanga nonse, ndakuonani. Lero tasonkhana kuno ku dziko la eni kudzatsanzikana ndi a Overtone, amene akupuma pa ntchito.

Ine ndine Medson. Kusukulu sindinapondeko. Ntchito yanga muno ndi makutu: ndimamvetsera matepi amene ofufuza amajambula kumudzi, n'kumamasulira mawu akale. A Overtone ndiwo amalemba m'munsi mwa tsamba kuti mawu awa achokera pa tepi yakuti.

Munthu ameneyu ndi wovuta. Ukati kunja kukugwa sinowo, chipale choyera chija, amati, "Wanena ndani? Liti?" Mayi Vainess, mutawalola ukwati sanakuuzeni kuti musayine?

Sekani ndithu. Komatu khalidwe lomweli linatipweteka.

Atangoyamba ntchito, tinasindikiza nkhani ya alimi a fodya. A Overtone analemba zonse mwadongosolo: dzina la wolankhula, mudzi wake, tsiku. Mmodzi anali Yotamu wa ku Dowa, amene anadandaula pa tepi za mitengo ya fodya. Magaziniyo inafika kwathu. Mmawa wina galimoto inaima pakhomo pake n'kumutenga. Mpaka lero mkazi wake sadziwa kumene ali. Ine mawu ake ndimawamvabe, tepi 41. Amayamba watsokomola asanayankhe.

A Overtone sanathawe ntchito. Anatenga lumo n'kudula pa matepi onse pamene munthu akutchula dzina lake. M'munsi mwa tsamba munatsala nambala ya tepi yokha. Wokayika abwere adzamvetsere yekha. Mayina enieni ali m'kope limodzi, m'dirowa yokhoma. Kiyi anapatsa ine, ati poti sindiwerenga.

Tsono ndamva kuti Lolemba kopelo lipita ku laibulale limodzi ndi matepi, kuti aliyense azitsimikiza. Bwana Pulofesa, m'menemo muli anthu mazana awiri, ndipo akugonabe m'nyumba zawo. Ndikupempha pamaso pa anthu onsewa: matepi apite, koma kope lipite ndi mwini wake, a Overtone, kunyumba kwawo ku Oshawa, kufikira kwathu zinthu zitasintha.

Ndidikira. Ndine nkhalamba, kuimirira ndinazolowera.

Mwavomera ndi mutu. Onse aona.

A Overtone, achimwene anga, zikomo chifukwa cha zaka khumi zimenezi. Munalakwa kamodzi, ndipo mwakhala mukulipira tsiku ndi tsiku osauza munthu. Kiyi nayu. Pitani mukapume, ndipo tulo tikabwera musatikane.

Anzanga, tiyeni tiwaombere m'manja.