Dona Wofuna Kuonda

Njala ya 1949 itafika poipa, pamzere wodikira chimanga ku Phalombe, mayi wina wa ku Nkhulambe anayang'anitsitsa malaya oyera a bambo amene anaima patsogolo pake.

"Bambo, malaya amenewa si a ukhukhi? Inunso pamzere?"

"Anandichotsa ntchito, mayi. Dona wa kuesiteti akufuna kuonda."

"Akudwala?"

"Ayi, dala. Buledi toto, mpunga toto, mbatata toto. M'mawa mazira, masana nsomba, madzulo nyama ndi masamba."

"Nyama tsiku ndi tsiku, n'kumati akuvutika?"

"Eetu. Mutu kuwawa, chizungulire, m'kamwa kununkha, kuchimbudzi osapita. Ukali ndiye wosaneneka."

"Nanga mpunga akukanawo ukupita kuti?"

"Kwa agalu."

"Agalu!"

"Tsono anthu anayamba kundiseka, amvekere khukhi wanji ameneyu, dona wake mafupa okhaokha. Manyazi anandigwira. Ndinkatapa ufa wa chinangwa kunyumba kwanga, wa ana anga, n'kumathira mu supu wake kuti thupi libwerere."

"Linabwerera?"

"Masaya anadzaza bwinobwino. Atakwera pasikelo anakuwa ngati walumidwa ndi njoka. Tsiku lomwelo anandiloza chipata."

"Osathokoza n'komwe?"

"Akuti ndamuwonongera thupi."

"Mukamuuze abwere kwathu adzaphunzire. Mwana wanga Zuwena analeka mpunga ndi chimanga kalekale. Chizungulire chomwecho, mutu womwewo."

"Pano ali bwanji?"

"Anaonda bwino kwambiri, bambo. Tamuika dzana. Sunthani, mzere wayenda."