Makina a Telala Ali M'njira

Pasiteji ya basi, telala wina anasendera pabenchi kuti mayi wonyamula dengu akhale. Basi inachedwa, ndipo mayiyo anayamba kutama mwana wake.

"Mwana wanga akuphunzira ntchito pakampani yotumiza katundu ili kuseri kwa depoti ija. Akuti akatha chaka azidzalamula malole ndi madalaivala omwe."

"Mwalera, mayi. Ndiye amuphunzitsa zotani?"

"Mwezi woyamba ankangomata mapepala pamakatoni. Pano anamukweza, amayankha foni. Bwana wake anamuuza kuti ntchito yonseyi yagona pa mawu atatu basi: katundu ali m'njira."

Telala anavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono.

"Mnyamata waulemu uja, amene ndikaimba foni kukampaniko amangoti 'pepani bambo, pepani bambo'?"

"Yemweyo. Ulemu umenewo ndi wakumtundu."

"Ine makina anga osokera akhala ali m'njira masabata asanu. Ukwati umene ndikusokera zovala ndi Loweruka likubwerali, madiresi ndinangowadula n'kuwaunjika, ndipo mayi a mkwatibwi akumandilawirira pakhomo tsiku ndi tsiku."

"Pepani. Makinawo ali m'chiyani?"

"M'bokosi lamatabwa, lomanga ndi lamba wofiira."

Nkhope ya mayi uja inawala.

"Mtima m'malo, bambo, katundu wanu sanasowe. Dzulo ndinamupititsira chakudya mwanayo, ndipo bokosilo ndinaliona ndi maso angawa. Ndi limene amakhalira akamayankha foni."

"Amakhalira makina anga?"

"Nanga atani? Kumeneko wophunzira sapatsidwa mpando mpaka atatha chaka."