Hutala Imene Sinadutse

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1957, m'kanyumba ka pafupi ndi njanji, momwe bambo athu anali mlonda wa pageti. Ali ndi zaka zisanu ankadziwa atatsinzina ngati sitima ikubwera kapena ikupita: ikamabwera hutala imalira mokwera, ikadutsa mawu ake amatsika.

Mu 1981 anamaliza maphunziro a uphunzitsi wa fizikisi. Kusukulu ndi kumene anamva kuti zaubwana zijazi zili ndi dzina, lamulo la Doppler. Mu 1984 anakwatira alamu athu mukuwaona apawa.

Anaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zisanu. Ankamanga kabelu ka batire pachingwe n'kumakazunguza pamwamba pa mutu, ana atabisala pansi pa madesiki. N'chifukwa chake inu ophunzira awo munkawatcha a Hutala, ndipo musanamizire, ankadziwa. Masamu a lamulo lija ankawalemba okha pabolodi: chinthu chikamabwera, liwiro lake mumalichotsa pa liwiro la mawu, chikamapita, mumaliphatikiza.

Mu Malichi chaka chino anayamba kudwala mtima. Ali m'chipatala anauza alamu kuti akumva hutala. Kumeneko kulibe njanji. Madokotala anayeza makutu, sanapeze kanthu. Malemu anapempha kope, ndipo m'mawa uliwonse ankalemba masamu aja ndi chizindikiro chochotsera. Ankati mawuwo sakutsika, ndiye kuti chinthucho chikubwerabe. Alamu ankangowathandiza kugwira pensulo, mantha akuwadya.

Pa 14 Juni, dzuwa lili paliwombo, anamwetulira n'kunena kuti mawu atsika. Alamu anasangalala, poganiza kuti chadutsa. Patangotha ola limodzi malemu anatisiya. Titatsegula kope tinapeza mzere womaliza uli ndi chizindikiro chophatikizira, pansi pake atalemba kuti chinthucho sichinadutse, wochokayo ndi iwowo.

Asiya mkazi, ana atatu ndi zidzukulu zinayi. Tikuthokoza anamwino, aphunzitsi anzawo, ndi ophunzira akale amene mwanyamula bokosi.

Chotsala ndi pempho la alamu, ndipo ndikulinena mtima uli m'mwamba. Dzulo masana, akupinda malaya a malemu, anayamba kuimva hutala ija. Akhala ndi mphunzitsi zaka makumi anayi, sangasokoneze mawu okwera ndi otsika. Akuti ndi okwera. Choncho musawasiye okha.

Achimwene, usani mumtendere. Ngati n'kotheka, muuze woyendetsa sitimayo adutse.