Mtembo Woyetsemula

Pa siteji ya basi, mayi wina ankayang'anitsitsa buku limene bambo woyandikana naye ankawerenga uku akuseka. Chikuto chake anachizindikira.

"Pepani bambo, buku ngati limeneli mwana wanga amalibisa kunsi kwa pilo. Muli zolaula?"

"Ayi mayi. Analemba ndi mkulu wina wopanga mafilimu oipa, akudziseka yekha."

"Oipa makhalidwe?"

"Oipa kapangidwe. Chilombo cha m'filimu yake chinali mlamu wake atafunda bulangete. Anthu amawakondera zomwezo."

"Munthu wabwinobwino n'kumanyadira zinyalala? Pali chimene mukundibisira."

"Tamvani izi. Anagoneka mayi ake pakhonde ngati mtembo, n'kuwathira madzi a tomato. Mtembo uja unayetsemula, iye osadula mbali imeneyo m'filimumo!"

Mayi uja anakumbukira za kunyumba kwake.

"Tomato wanga akumatha mosadziwika bwino. Ndiye mtsikana wangayu wandipempha kuti Loweruka ndivale zoyera, ndigone pakhonde. Akuti n'zakusukulu."

"Mwavomera?"

"Ndikamupanikiza kaye. Nanga mayi ake a mkuluyo, anthu sanawanyoze?"

"Kuwanyoza? Ndi amene amakondedwa kuposa onse."

"Hmm. Ine sindingayetsemule. Koma tomato akapeze wake."