Chigoli chimene chinawakhazika pansi bambo anga

Moni aulutsi ndi omvera anzanga. Ndikulemba kuchokera ku Tsvingwe, kufupi ndi Mutare.

Bambo anga anabadwira pa famu ya fodya kuno ku Zimbabwe, koma makolo awo anali a ku Malawi. Mbiri ya chikho cha mpira cha mayiko a mu Africa ankaidziwa pamtima. Ankakonda kutiuza kuti Malawi italowa koyamba mumpikisanowu, iwo anamvera pa wailesi kuseri kwa balani. Mafamu atalandidwa tinasamukira kuno, koma nkhani ya chikho sanaisiye.

Kenako chinafika chaka chimene Malawi inakumana ndi Zimbabwe m'chikhomo. Tinakaonera pa kanema wa pagolosale, pamodzi ndi anthu amene tinkalira nawo maliro ndi kubwerekana nawo makasu. Malawi itagoletsa chigoli chachiwiri, bambo anaimirira, chipewa m'mwamba, n'kufuula m'Chinyanja.

Mnzawo wa kutchalitchi, amene ankakhala naye benchi limodzi, anawayang'ana n'kunena m'Chishona kuti, "Ngati zakukomerani choncho, bwererani kwanu."

Bambo anakhala pansi pang'onopang'ono. Ku Malawi anali asanapondeko n'kamodzi komwe.

Tili m'njira ndinati, "Ababa, ajawa angolankhula ndi mkwiyo wa mpira."

Anandiyankha kuti, "Mwanawe, olanda mafamu aja atandiuza kuti famu si kwathu ndinamva. Koma benchi lija ndinkayesa ndi langa."

Mpira sanaonerenso. Anamwalira chikho china chisanafike, ndipo mnzawo uja ndi amene anayamba kukumba manda, misozi ili mbwembwembwe.

Omvera anzanga, samalani pakamwa. Mpira umatha wezulo ikalira, koma mawu aja bambo anga anapita nawo kumanda.