Nkhanga ya a Mhango Inathawira Kumanda

Zaka zimenezo, maofesi a ku Capital Hill akununkhabe penti, kuseri kwa Area 9 uku kunali tchire ndi minda yokhayokha, ndipo nkhanga zinkadutsa msewu wa ku Mchinji ngati nkhuku zapakhomo. Lero mukuonako mipanda ya njerwa basi. Iwe, tayika foniyo pansi, ndikuyankhula!

Ine ndinali dalaivala wa boma, ndipo bwana wanga anali a Mhango, munthu wakumpoto, waulemu, wopemphera kwambiri, moti Lamulungu la sabata imeneyo ankayenera kudzozedwa ukulu wa mpingo, ndipo mayi akunyumba anali atawasoketsera kale suti. Koma bambowa anali atagula mfuti ya chifefe, ndiye ankangondikakamira: "A Kalonga, mundiphunzitse kusaka nkhanga."

Loweruka m'mamawa tinapita kufupi ndi mudzi wa amalume anga. Ndinawauza kuti nkhanga saithamangitsa, miyendo yake simungaithe, koma mumasiya galu aidzidzimutse, ikakwera mumtengo imatanganidwa kuyang'ana galuyo, inu n'kuwombera. Kenako ndinawalozera mitengo yowirira pakati pa minda. "Bwana, uko ndi kumanda. Zivute zitani, musapondeko."

Iwo anangoseka. "Kwathu manda ali kuseri kwa nyumba, timasesako tokha. Akufa saluma, a Kalonga."

Inu obadwira m'tauni mwina simudziwa, koma kwathu kuno kumanda n'kumene amuna a gule wamkulu amakonzera zinthu zawo zachinsinsi, ndipo wosalowa gule akaponda kumeneko, satulukamo mmene analowera.

Galu wa amalume amene tinamutenga anadzutsa gulu la nkhanga, imodzi inatera mumsuku, a Mhango phuu! Mfuti yoyamba m'moyo wawo, ndipo anailasa ndithu, koma phiko lokha. Inagwa, n'kuyamba liwiro kulunjika mitengo ija, iwonso pambuyo pake, akukuwa ndi chimwemwe. Ndinafuula mpaka kukhosi kuwawa, koma ayi, ndinangoona malaya oyera akuzimirira m'masamba. Kenako ndinamva likhweru, lina n'kuyankha, ndiye kukuwa kuja kwa zilombo za gule. Mayo ine! Ndinangokhala pansi pamzere.

Anatuluka amuna awiri, mmodzi msuweni wanga weniweni. Ndinagwada, ndinawomba m'manja, ndinati mlendoyu sadziwa, ndi munthu wa tchalitchi, tipereka mbuzi. Msuweni wangayo sanandiyang'ane n'komwe. "Waona zosayenera kuona. Atuluka atagula njira." Ndiye kuti awalowetsa gule, afune asafune.

Ndinadikira pagalimoto mpaka dzuwa kupendeka. A Mhango anatuluka opanda nsapato, thupi lonse phulusa, nkhanga ija ili m'manja. Munthu amene ankasaina makalata a unduna! Ndinasowa poyang'ana. Anangoti, "Tiyeni kunyumba."

M'mawa mwake tchalitchi chinadzaza, abale awo ena ochokera ku Mzimba. Abusa ataitana dzina lawo, anaimirira mu suti yatsopano ija n'kunena kuti, "Abusa, ndidumpheni. Sindili woyenera." Abusa anafunsa chifukwa, koma iwo anangoweramitsa mutu, pakuti kumanda kuja anali atalumbira kuti sadzaulula, ndipo kugwada kuti adzozedwe ali ndi chinsinsi chotere, mtima wawo unakana. Ena akanangokhala chete n'kulandira udindowo, koma osati bambo amene uja.

Titatuluka, mayi Mhango anandigwira dzanja. "A Kalonga, mwawatani amuna anga?" Poopa eni gule, nanenso ndinabisa. Anthu anayamba kunong'ona kuti pali mkazi wachibwenzi, ndipo mayiwo anakhulupirira, analira miyezi, koma amuna awo sanadziyeretse ngakhale kamodzi. Anakhala pabenchi yakumbuyo mpaka anapuma ntchito.

Ndiye ana inu, masiku ano mumayenda kutali kuposa ife, ndipo n'zabwino. Koma mukafika kwa eni, mwini dera akakuuzani kuti apa musaponde, imani kaye, zofunsa mufunse muli chiimire.